Lilime la a Lawani

A Lawani, wokonza makamera pamsewu wotsikira kudoko, ankanyambita kamera iliyonse asanaimasule. Si nthabwala ayi. Ukawapatsa kamera yodula kuposa nyumba yako, ankaitembenuza, n'kutsegula kachitseko ka batire, lilime tulu! Kenako ankatsinzina ngati munthu wolawa ndiwo. Dzina loti Lawani linachokera pamenepo; lenileni anthu analiiwala kalekale.

Chifukwa chake chinalipo. M'tauni ya m'mphepete mwa nyanja yamchere, mphepo yokha imadya zitsulo, moti dzimbiri limagwira ndi zipi ya thalauza yomwe. Kampani ya makamerayo inkapereka walanti: kamera ikafa yokha ankaikonza ulere, koma ikamwa madzi a m'nyanja, zako zimenezo. Woweruza milanduyo m'malo mwa kampani anali a Lawani, ndipo khoti lawo linali m'kamwa.

Nachithunzi, mayi wojambula maukwati, anaziona yekha tsiku loyamba kulowa m'shopumo. Patsogolo pake panali bambo wina atanyamula kamera ya alamu ake, thukuta lili kamukamu.

"Yangozima yokha, madala. Inali m'kabati."

A Lawani ananyambita, n'kutafuna mate.

"M'kabati mwanumo mumadutsa nkhanu?"

"Ayi, madala."

"Iyi yasambira, achimwene. Ndipo sinasambire yokha, munali nayo limodzi. Kauzeni alamu anu zoona, mwina akumenyani pang'ono."

Nachithunzi anaseka mpaka kugwira chitseko, osadziwa kuti tsiku lake likubwera.

Linabwera amuna ake atangoikidwa m'manda. Kamera inazima, ukwati woti ajambule uli Loweruka, kunyumba kuli ana atatu odya kuchokera m'kamera yomweyo. Anaiika patebulo la a Lawani. A Lawani analawa.

"Mchere ulimo."

Nachithunzi anayankha msanga. "Bambo, ndikulumbira, sindinapite nayo kunyanja."

"Ndikudziwa, mwanangu. Wa m'nyanja umakanda kukhosi. Uwu ndi wa misozi."

Zinali zoona. Masiku onsewo ankangokhala pabedi kuyang'ana zithunzi za malemu pakagalasi ka kumbuyo kwa kamera, misozi n'kumalowa m'mabatani.

A Lawani anaimbira foni kukampani pompo.

"Walanti yanu imakana madzi a m'nyanja, a mvula ndi tiyi. Za misozi munalemba pati?"

"Bambo, madzi ndi madzi," anayankha kalaliki wa kumeneko.

"Mwana iwe, unaferedwapo?"

Anakangana mpaka mayunitsi kutha. A Lawani anagula ena, naimbanso. Mawa lake anaimbanso, n'kuwapempha abwana a kalalikiyo, kenako abwana a abwanawo. Kampani inagonja, kaya ndi chisoni kaya ndi kutopa. Loweruka lija Nachithunzi anajambula ukwati ndi kamera ya a Lawani eni ake, atamulangiza kuti, "Mkwatibwi akayamba kulira, ima patali."

Mavuto anayamba dokotala atawapeza a Lawani ndi kuthamanga kwa magazi n'kuwaletsa mchere. Akazi awo, mayi osaseka pa nkhani ya mankhwala, anayamba kuphika ndiwo zozizira ngati madzi. Sabata isanathe, a Lawani anayamba kuima pakhomo la shopu, kuitana aliyense wodutsa ndi kamera pakhosi.

"Bwana, bweretsani ndiione!"

"Koma ili bwinobwino."

"Zimayamba choncho!"

Nachithunzi ndiye anakawaneneza kwa akazi awo kuti akusaka mchere wa pamakamera. Kuyambira pamenepo mayiwo ankakhala m'shopu momwemo, akuluka zoluka zawo, kansalu konyowa kali pamwendo. Kamera ikangofika, mayiwo ndiwo ankayamba kuipukuta.

"Mayi, mukufufuta umboni!"

"Ndifufute umboni kapena ndidzafufute dzina lanu pakhomopo mchere utakuphani? Sankhani, abambo."

Anakhala choncho zaka zingapo, akukangana ngati ana. Tsiku lina masana, mvula ikuwaza, a Lawani anaika kasikuludiraiva pansi, nati mutu ukulemera. Anatsamira paphewa la akazi awo, osadzukanso.

Masiku ano kamera ikafa, amaikulunga m'katoni n'kuikweza basi kupita kumzinda waukulu. Imabwerako patapita miyezi, yankho lili lalifupi, lochokera kwa munthu amene sanakuonepo nkhope. Pamsewu wa kudoko pali zii. Odutsa ndi makamera palibe wowaitana.

Shopu ija sinatsekedwe kwenikweni. Nachithunzi akamadutsa amawapeza mayi aja atakhala pampando wawo, pafupi ndi kabati yagalasi momwe muli makamera amene eni ake sanabwere kudzatenga. M'kabatimo mumayaka babu usana wonse, kuti muzitentha, chuku chisamere m'magalasi.

Tsiku lina Nachithunzi anawafunsa kuti, "Amayi, bwanji osangolizimitsa? Eni makamerawa mwina sadzabweranso."

Mayiwo anapukuta galasi la kabati ndi nsonga ya mpango wawo.

"Akabwera apeze zowola, adzati amuna anga sankadziwa ntchito. Lisiye liyake, mwanangu."