Achule a M'dziwe la Abambo Anga

Lolemba

Lameki Zgambo. Ndayamba ndi dzina limeneli kuti ndisaiwale chimene ndadzukira.

Lameki ndi mlamu wanga. Atakwatira mlongo wanga, malemu Esinati, abambo anamubwereka dimba lakumunsi, lokhala ndi dziwe, kuti alimemo mpiru chaka chimodzi. Chaka chimodzi! Tonse tamera imvi, mano atha, koma chaka chija sichinathebe. Dziwe limene abambo anakumba ndi manja awo, anthu kuno ku Embangweni akungoti "pa Zgambo".

Lero kwabwera galimoto ya anthu a ku koleji. Wowatsogolera ndi mtsikana, dzina lake Tadala, Chichewa chake chosalala ngati cha pa wayilesi. Akufufuza achule. Achule! Ati kunjaku kuli matenda akupha achule, okhala ngati zipere, ndiye akufuna kuona ngati afika kuno. Akulongosola zambiri pansi pa mtengo wa mango, zoyenera ndi zosayenera, koma ine sindikumva. Maso anga ali pa Lameki, yemwe wavala jekete la ku tchalitchi pa Lolemba.

Chondipweteka ndi ichi. Asanalowe m'dimbamo, onse akuima m'beseni la madzi onunkha mankhwala, kukwecha jombo zawo ndi burashi. Kutsuka mapazi polowa kwa Lameki, ngati anzathu a ku Jenda polowa mumzikiti! Iye akungogwedeza mutu ngati mwini dziko.

Ndaganiza. Ndikumba dziwe langa, ndisamutsa achule. Achulewo ndi zidzukulu za achule a abambo, choncho ndi anga. Pofika Loweruka jombo zitsukidwe pa chipata changa.

Lachiwiri

Zofunika: khasu, ndowa, thumba lomwe munali feteleza, msana wa munthu wina.

Ndikukumba m'munsi mwa dimba langa, pomwe madzi amatsikira kwa Lameki. Malo abwino chomene. Akangoima pa mpanda wake, aziona.

Mkazi wanga NyaMoyo wabwera ndi chindongwa, thobwa lathu lakuno, m'kapu. Wayang'ana dzenjelo nthawi yaitali. "Adada, ngati ndi manda, mwafupikitsa."

Masana mvula. Dzenje ladzaza lokha. Mulungu ali mbali yanga, mbwenu.

Sukulu ndinalekera Sitandade 5, koma za achule ndinamaliza: dzira, mbululu, chule. Basi. Kodi munthu mpaka apite ku koleji chifukwa cha zimenezi?

Chakumadzulo ndikusuzumira pa mpanda. Ntchito yawo ndi iyi: kugwira chule atavala magolovesi, kumupukuta pamimba ndi pakati pa zala ndi kamtengo ka thonje, kuika kamtengoko m'kabotolo, n'kumubweza pomwe anamutola. Chule wina, magolovesi ena! Ine chibadwire palibe anandigwirapo mosamala chonchi.

Lachitatu

Tambala atangolira, thumba m'manja, ndalowa m'dimba lobwerekedwa lija. Si kuba. Munthu sabera abambo ake.

Kugwira chule utakalamba ndi chilango. Iye amalumpha, iwe umangoganiza zolumpha. Thalauza matope okhaokha. Komabe ndapeza angapo: aakulu a khungu lokhakhala, ang'onoang'ono a m'bango, ndi mmodzi wonenepa, wa maso otuzuka, wofanana ndi munthu wina. Ameneyu ndamutcha Mlamu.

Potuluka, Mlamu weniweni ali pa chipata, akutsuka timano tomwe tamutsalira.

"Mlamu, njala yafika pamenepa? Mukanangonena, ndiwo zilipo."

Waseka mpaka kutsokomola. Sanandiletse ayi. Wanditsegulira chipata, n'kundigwirira thumba pamene ndikumanga lamba. Munthu ameneyu amadziwa kupweteka mnzake.

Ndawakhuthulira m'dziwe langa. Ndawauza momveka bwino kuti pano ndi kwawo.

Lachinayi

Palibe! Ngakhale mmodzi!

Timapazi m'matope, tonse tolunjika kumunsi. Abwerera kwa Lameki. Chule Mlamu uja ndamuona ndi maso angawa, atakhala pa mwala wake, akunditong'olera maso. Osayamika.

NyaMoyo: "Chule amadziwa kwawo. Amuna ena ndi amene aiwala kuti nyemba zikufuna kupalira."

Ndakhala pa chitsa kusinkhasinkha. Esinati akanakhala moyo akanatikalipira tonse awiri, n'kutiikira chakudya mbale imodzi kuti tione chochita. Ndamusowa mlongo wanga. Lameki amapitabe kukalambula pa manda ake, izo ndivomereza. Koma dziwe ndi nkhani ina.

Chimene chalakwika ndachiona: njira yafupika. Ndikufunika achule osadziwa kobwerera. Ku Jenda, kuseri kwa magolosale, kuli ngalande yomwe nyengo ino imalira ngati kwaya. Chule wa ku Jenda sangabwerere wapansi, ndipo minibasi singamuimire.

Tadala wandipeza pamsewu. "Agogo, mwaswera bwanji? Kwanu kulibe madzi oima oti tikaoneko?" Ndamuuza kuti abwere Loweruka adzaone dziwe lenileni. Walonjeza.

Lachisanu

Jenda. Ndowa, chitenje cha NyaMoyo chovundikira (sakudziwa), jekete kuti ndioneke munthu wa ntchito.

Achule a m'tauni ndi aulemu, sathawa. Ena angokhala padzuwa, miyendo atatambasula, kudikira kuti uwatole. Ena khungu likusupuka. Mwina ndi sopo wa m'ngalande. Akufa kale ndawasiya, sindine wopusa.

Wogulitsa nsapato wandiyang'ana mpaka walephera kupirira. "Madala, amenewa msika wake uli kuti?" Ndati ndi za kafukufuku. Wandipatsa mpando nthawi yomweyo.

Pobwerera, pa matola, mmodzi wathawa m'ndowa n'kukakhala pamwendo pa mayi wina wa umanyano, gulu la amayi a ku tchalitchi. Mfuu! Galimoto yaima. Kondakitala: "Adada, abale anuwa azikhala mumzere wawo!" Chule ameneyo watsikira panjira.

Otsala ndawakhuthulira m'dziwe. Palibe wathawa. Palibenso woimba. Atopa ndi ulendo.

Loweruka

Abwera. Atsitsa beseni pa chipata changa! Akukwecha jombo! Lameki ali pa mpanda, akuona zonse. Kwa kanthawi kochepa ndine munthu.

Tadala wagwada, watola mmodzi, wamutembenuza chagada. Kumwetulira kwatha. "Agogo, achulewa mwawatenga kuti?"

Ndanena zonse, monyadira, mpaka za mayi wa umanyano.

Sakukalipa. Bola akanakalipa. Akuti chule amamwa ndi kupuma kudzera pakhungu, ndiye matendawa akawononga khungu, zake zatha. Amafala ndi madzi, ndi matope omata ku mapazi, ndi anthu onyamula achule kuchoka kwina kupita kwina. N'chifukwa chake amatsuka jombo. Si ulemu kwa Lameki. Si ulemu kwa ine. Ndipo zosasamutsa achule anatiuza Lolemba, pansi pa mango paja, ine ndili kalikiliki kuyang'ana jekete la munthu.

Ngati ndi matendawo kapena china, sanganene mpaka timitengo tija tikayezedwe. Koma kumwamba kwada. Dziwe langa likasefukira, madzi ake atsikira m'dziwe la abambo. Malowo ndinasankha ndekha.

Ndagwira khasu, msana wakana. Wolowa pa mpanda ndi khasu lake, osapempha n'komwe, ndi Lameki. Tikuunjika khoma la dothi kuti madzi asatsike, nkhalamba ziwiri zopuma ngati ng'ombe za pangolo. A ku koleji akutola achule a ku Jenda, aliyense m'kathumba kake, kuthira mankhwala m'dzenje, n'kulikwirira. Ntchito yanga ya mlungu wonse!

Kenako lamulo: aliyense woponda matopewa atsuke mapazi asanachoke. Ine kuwerama sindingathe. Lameki wandikhazika pa chitsa, wakokera beseni pafupi, watenga burashi, wagwada maondo akulira.

"Kwezani phazi, mlamu. Zidendene izi zikufunika pulawo."

A ku koleji akuyang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka. Mawu othokoza oti yewo afika pakhosi. Ndawameza.

Lamulungu

Dziwe langa kulibe. Ndowa yalandidwa. Chitenje NyaMoyo wachiwiritsa ngati nyemba, ndipo akundilankhula kudzera kwa nkhuku.

Mvula yagwa, khoma lapirira. Zotsatira tidikira. Tadala wati adzabwera yekha kudzatiuza, zabwino kapena zoipa. Wapemphanso kuti ndikaona chule wofooka kumunsiko ndisamugwire, ndingomutumira uthenga. Ndavomera. Mwanayu analeredwa bwino.

Kumunsi achule akuimbabe. Ndikungopezeka ndaima pa mpanda, khutu m'mwamba, kuopa kuti nyimbo yachepa. Sindinkadziwa kuti munthu angapempherere chule. Ndamupempherera ngakhale Mlamu.

Ku tchalitchi aliyense akundipatsa moni kuti "Dokotala". Lameki wandisungira malo pa benchi, monga amachitira Lamulungu lililonse. Ndakhala, popeza kwina kunali kodzaza.

Ndaleka. Dimba atenge, mpiru wake ndi wowawa. Alendo aziwalandira yekha ndi jekete lakelo. Koma chinthu chimodzi ndikuchifuna ndisanatseke maso. Lameki Zgambo aime pakhomo pa tchalitchi, anthu asanabalalike, anene mokweza, osatsokomola, osaseka, kuti dziwe lija anakumba ndi apongozi ake. Mawu okhawo basi.

Ndipo asayerekeze kufa iye poyamba asananene.