Chiloboti Chimene Ndinachituma Kukagwada kwa Ndamera

Wotsutsa atsutsiretu pano, asakang'ung'udzire kumsika! Ine Nyamphota ndinalamulapo chitsulo ndi pakamwa pokha, osakhudza batani, ndipo ngati ndikunama ng'ona indigwire mawa lomwe.

Akazi anga, mayi a Zuze, anali atandithawa. Ndinanyoza nyika, mizu ya m'madzi ija timadya kwathu, zimene anaphika, pamaso pa alendo, iwo basi ulendo kwa alongo awo kwa Ndamera. Masabata atatu m'nyumba muli zii, ine kuwasowa mpaka kuwonda. Alamu anatumiza mawu oti ndikagwade ndikapepese. Ine kugwada, ndevu zonsezi?

Masiku amenewo ndinkalondolera njira akatswiri ena oyeza madzi osefukira kudambo kuno kutsidya, ndipo anali ndi chiloboti cha miyendo inayi, msinkhu ngati mbuzi, chomva zolankhula za munthu. Eni ake ankachiuza m'Chingerezi, koma ine nditangoti tiye kwa Ndamera chinaliyatsa liwiro ine ndili pamsana, mukumva? Shire tinawoloka icho chikuponda pansi pa mtsinje ine chipewa chokha chili kunja, ng'ona inachiluma mwendo mano onse n'kugweluka moti mpaka lero imadya phala, mvuu zinapatuka n'kutipatsa moni, ndipo tinafika madzi asanaganize n'komwe zotinyowetsa!

Pabwalo pa alamu ndinachiuza kuti chigwade ngati mkamwini, chinagwada. Ndinati chiombe m'manja, chinakhala tsonga n'kuomba ndi miyendo yakutsogolo mwaulemu wake, kenako n'kupalasa mapazi pansi monga amalonjerera amuna achisena, chosaphunzitsidwatu, mapeto ake chinathyola gule wa utse mpaka nkhuku zinasiya kutola. Mudzi wonse nthungululu.

Mayi a Zuze okha sanaseke. Anayandikira, n'kuchisisita pamutu, amvekere: "Takhuta, zikomo, iwe ndakukhululukira. Koma amene ananyoza nyika zanga uja sindinamuone."

Abale, apa chitsulo sichikanandithandizanso. Ndinayang'ana chitsulo, nacho chikundiyang'ana. Mayi amenewa ndimawakonda, musandiseke. Ndinagwada ndekha padothi lotentha la mu Okutobala, misozi ili chuchuchu, n'kunena kuti, "Ndaphata mwendo, ndikhululukireni, tiyeni kwathu."

Anavomera. Koma pamsana pa chiloboti anakwerapo ndi iwo, ndipo chinawamvera kuposa ine. Ine ndinabwera pambuyo wapansi, katundu wawo ali pamutu, n'kufika tsiku lachitatu.