Nkhondo ya Matimati a M'bwato

"Ndani wathira dothi m'bwato langa?"

Funso limeneli linamveka m'chaka chimene Zambezi anafika msanga ndi madzi ake osefukira osatumiza mthenga, chigwa chonse chikumanga akatundu kuthawira kumtunda ku Limulunga, ng'ombe zitawoloka kale, patatsala ife tokha pachitunda pathu. Wofunsayo anali malume anga a Likando, Mng'ambamafunde, Wopalasa Chiimire, amene anaonapo mvuu kawiri ndipo kawiri konseko mvuuyo inapulumuka.

Bwatolo linagona pamtunda chilimwe chonse. Tsono akazi awo a Nalishebo, Mwinikhasu, Woopedwa ndi Nkhuku, ataona chimtengo chobooka kale chikungokhala, anadzazamo dothi ndi ndowe n'kufesamo matimati. Mbande zinali zitafika masamba anayi. Kutsogolo kwa bwato, kumene dothi silinafike, kunkagona galu wathu Tau, kazembe wosalowerera mbali, wodya kuwiri.

"Amayi a Sibeso!" anatero malume kwa akazi awo, atakweza nkhafi kumwamba. "Ngalawa iyi inanyamula maliro a bambo anga, inanyamulanso inu tsiku la ukwati. Lero mwaisandutsa dimba? Khuthulani, madzi afika pakhola!"

"Inandinyamuladi, ndipo njira yonse ndinkakapa madzi ndi mbale," anayankha a Nalishebo. "Mbewu iyi ndinaifuna mpaka ku Mongu. Mukaikhudza, abambo a Sibeso, chaka chino mudya nsomba yophika ndi madzi okha."

Masiku atatu magulu awiriwa anayang'anizana. Malume anamanga linga pampando pansi pa mtengo wa mango, n'kukana chakudya chamasana, koma osati chamadzulo. A Nalishebo ankathirira mbande zawo m'mawa uliwonse, ngakhale dziko lonse linali madzi. Ine ndinali mthenga wonyamula mawu pakati pa anthu awiri otalikirana mapazi khumi.

"Kawauze azakhali ako kuti madzi ali pakhomo la khitchini."

"Kawauze malume ako kuti maso ndili nawo."

Tsiku lachinayi m'mawa Zambezi, atatopa ndi zokambirana, analowa yekha m'nkhondo. Ananyamula bwato, dimba ndi galu yemwe, n'kuyamba kupita nazo kumabango. Tau anaimirira kutsogolo, nauwa kamodzi ngati wotsanzika.

"Bwato langa!"

"Matimati anga!"

Adani awiri aja anadziponya m'madzi limodzi, mpaka m'chiuno, mpaka m'chifuwa. Malume anagwira kumbuyo kwa bwato, a Nalishebo anagwira lamba wa malume, ndipo mbiri ikunena kuti panatenga nthawi asanasiyane.

Nthawi yokhuthula dothi inali itatha. Mabulangete, mapoto ndi ine tinakwera bwato la a Mundia, oyandikana nafe, amene anabwerera kudzatiseka. Malume anaima chidendene chimodzi pakampata kakumbuyo n'kupalasa dimba lija maola anayi. A Nalishebo anakhala chonjuta pakati, ataphimba mbande ndi chitenje.

"Pang'onopang'ono, mukuzigwedeza!"

"Ndikupalasa munda, mayi. Palibe anandiphunzitsa."

Padoko la ku Limulunga anthu anasiya katundu wawo n'kuima m'mizere. Amayi ena analuluta. Bambo wina anafunsa ngati chaka chamawa tidzabweretse ndi chitsime chomwe.

Mtendere unasainidwa pamchenga pomwepo. Anawotcha nsomba yaikulu, ndipo mutu wake, umene kuyambira kalekale ndi wa mwini nyumba, unaperekedwa kwa Tau m'mbale ya alendo, chifukwa ndiye yekha amene sanachoke pamalo ake a ntchito. Malume anayamikira mbande kuti n'zobiriwira. A Nalishebo anavomera kuti bwatolo silidontha kwambiri. Kenako anapita kukatenga khasu kuti awokere matimati awo, bwato libwerere kwa mwini wake, popeza nyengo ya nsomba inali itayamba.

Malume anawaletsa ndi nkhafi.

"Musazule," anatero. "Apsere momwemo."