Wailesi Yanga Itayamba Kucheza ndi Apongozi

Abale, chinthu chatsopano muziyamba mwachiyesa muli nokha, chitseko chotseka. Ine changa ndinakachiyesera pa apongozi, pakati pa msewu wa Great East, dzuwa likuswa mtengo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimamva kutentha m'makutu.

Nthawi imeneyo ndinkakhala ku Kabwata mu Lusaka, ndisanakwatire, ndikugwira ntchito ya ukalaliki m'tauni. Ndinali ndi kamotoka kanga kotopa kochokera ku Japan, kokhala ndi wailesi ya kaseti yomwe inkatafuna tepi kuposa kuimba. M'thumba la shati simunkasowa bolopeni yokulungira tepi ikatuluka matumbo. Anzanga a kuntchito sankandipatsa mpata. "Iwe mudala, ukali pa makaseti? Anzako tili pa fulashi, nyimbo zosasila mu kanthu monga chala!"

Ndinkapirira. Chimene chinandigwetsa ndi chikondi.

Ndinali pa chibwenzi ndi Chanda, Mbemba wa ku Kasama, ine Mngoni wa ku Chipata. Bambo ake anali atamwalira kale, ndiye mawu omaliza pa za ukwati wathu anali kwa amayi ake. Amayiwo anali atanena pafoni kuti mwana wawo sapita kwa munthu amene iwo sanamuone ndi maso. Akati ayi, basi zathera pomwepo, ndipo Chanda anandiuza mosabisa kuti sangawatsutse. Amayiwo anakonza zobwera ku Lusaka, ndipo wokawatenga pa siteshoni ya mabasi ya Intercity kupita nawo ku Chelstone ndinali ine.

Ku Chelstone kunkakhala azakhali ake a Chanda, amene tonse tinkawatchula kuti ba anti, ndipo Chandayo ankakhala nawo. Iwowa ndiwo anandipatsa malamulo. "Mvela bwino iwe mwana wa ku Chipata. Ukawapatsa moni mu Chibemba, utagwada. Ukasiliza, pakamwa tseka. Osawayang'ana m'maso, osawagwila, osakamba nawo. Chilichonse chipitile kwa ine."

Chibemba changa chinali cha pamsika, chongokwanira kutsitsira mtengo wa tomato. Ndiye Lamlungu lina masana ndinadzitsekera m'nyumba n'kuyamba kuyeserera moni, ndikudzijambula mawu pa foni kuti ndimve ngati zikumveka. Moni wopanda woyankha amatopetsa, choncho ndinayamba kudziyankha ndekha ngati amayiwo. Mawu awo ndinkawadziwa, chifukwa foni ya Chanda inkalankhula mokweza ngati ili pa msonkhano wa chipani. Ndi mawu opyapyala, ndipo asananene kanthu amayamba atsokomola kaye. Zinandikomera (ndilibe manyazi kunena kuti ndili ndi luso), mpaka ndinachita sewero lathunthu. Nditatha ndinaseka, n'kuiwala.

Kenako maganizo aja anafika. Amayi ochokera ulendo wautali akwere motoka yotafuna tepi? Ayi ndithu. Ndinapita ku mashopu a ku Kamwala n'kugula wailesi yoimba za pa fulashi, yowala buluu, mabatani ake olembedwa Chitchaina chokhachokha. Woiika anali ba Kelvin, amakanika a pansi pa mtengo wa mango kwathu ku Kabwata, munthu amene sanavomerepo kuti pali chinthu chimene sadziwa.

"Bosi, iyi ni ya manje-manje," anatero atamaliza. "Fulashi nayibisa mukati mwa dashibodi, namanga na masikulu, akawalala sangayione. Mabatani aya musavutike nawo, vonse vili pa limoti."

Nyimbo anandiikiranso ndi iwo omwewo pa kompyuta yawo. Ndinawapatsa kakhadi ka m'foni mwanga, mmene munali nyimbo zamakwaya zimene ndinasankha dala kuti ndioneke munthu wopemphera. Atafunsa kuti akopere ziti, ine ndi pakamwa pangapa ndinati, "Kopelani vonse."

Loweruka lake ndinatsuka motoka mpaka m'matayala, ndinavala jekete, ndinakatenga ba anti, ulendo wa ku Intercity. Basi ya ku Kasama itafika, munatsika mayi wamfupi wa magalasi, wovala chitenge chowongoka ngati chasitidwa m'basi momwemo. Ndinagwada pomwepo pa mafuta a mabasi, onyamula katundu akundilambalala ndi mawilibala, n'kuwomba m'manja. "Mwaiseni mukwai, bamayo."

"Eya mukwai," anayankha, atayamba atsokomola.

Mtima unakhala pansi. Amayi ndi ba anti anakhala kumbuyo, thumba la nyemba linakhala kutsogolo ndi ine. Amayi atangokhazikika pampando, wailesi inadziyatsa yokha n'kuyamba kwaya. Ndinaba kuyang'ana pa galasi ndipo ndinaona amayi akugwedeza mutu motsatira nyimbo. Ndinadziuza kuti mwana wa Angoni wawina.

Tinalowa mu Great East n'kupeza motoka zili ndii, zosasuntha. Kunkatentha, mawindo onse anali otsegula. Kwaya inatha. Kunakhala kachete pang'ono, kenako m'masipika onse munatuluka mawu amene ndinawadziwa msanga kuposa dzina langa.

"Mwaiseni mukwai, bamayo. Ayi, yalakwika. Mwaiseeeni mukwai..."

Ba anti anaphulika kuseka. "Ni iwe uyu? Unali kuphunzila? Awe, mwana uyu ali na khama!"

Ndikanakhala wamwayi zikanathera pomwepo. Koma ine ndinkadziwa chimene chikubwera. Ndinapisa dzanja pamene ndinkaika rimoti, palibe. M'thumba la jekete, palibe. Ndipo wailesi inatsokomola.

"Ehe-hem! Ndiwe iwe wamene ufuna mwana wanga? Mutu monga dzungu!"

Ndinadina batani loyamba limene chala chinapeza. Mawu anakwera. Ndinadina lachiwiri, magetsi abuluu anasanduka ofiira n'kuyamba kuphethira ngati m'bala. Ndinakumbukira fulashi, koma fulashi inali m'kati mwa dashibodi, yotetezedwa bwinobwino kwa akawalala ndi kwa mwini wake yemwe. Apo n'kuti wailesi ikupitiriza kucheza yokha, mawu anga enieni akuyankha modzichepetsa kuti, "Ndine mukwai," ndipo mawu opyapyala aja akufunsa kuti, "Ehe-hem! Namvela ati kwanu mudya mbeba?"

Pamenepo m'pamene ndinaiona rimoti pa galasi. M'mawa potsuka motoka ndinaiika pa mpando wakumbuyo. Tsopano kansonga kake kokha ndi kamene kankaoneka, kakusuzumira pansi pa chitenge cha amayi. Anali ataikhalira.

Tandiuzani inuyo, mukanatani? Munthu amene sindiloledwa kumuyang'ana m'maso, ndimuuze kuti anyamuke pang'ono ndione chimene akhalira? Kapena ndiuze ba anti kuti awauze? Mawu ake ati?

"Nidya mbeba mukwai," inatero wailesi, "koma kolwe sinidya, nasiyila imwe."

(Kwa amene simudziwa, kolwe ndi nyani. Ife a kum'mawa ndi Abemba ndife pachimbuya, timanyozana mwachibale. Iwo amatinena za mbewa, ife timawanena za anyani, ngakhale pamaliro, ndipo palibe amakwiya. Mbemba aliyense m'dziko muno ukhoza kumunena choncho, kupatula mmodzi yekha, amene mwana wake ukufuna kukwatira.)

Ndinadzitonthoza kuti mwina amayi a ku Kasama Chinyanja sachimva. Ngati kuti amva maganizo anga, ba anti anapukuta misozi ya kuseka n'kunena kuti, "Sinizavutika na kumasulila. Aba anaphunzitsa sukulu ku Katete myaka yambili."

Ndinazimitsa injini pakati pa msewu. Wailesi sinazime. Ba Kelvin anali atailumikiza ku batire mwachindunji. Chimene ndinapindula n'chakuti phokoso la injini linachoka, mawu n'kumveka bwino kwambiri. Ogulitsa zinthu m'msewu anayamba kuyandikira. Kondakitala wa minibasi imene inaima pambali pathu anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Ba bosi, ni siteshoni bwanji iyo? Kwezani tumveleko!"

Mzere unayamba kusuntha, a kumbuyo akuimba mahutala, ine ndikulimbana ndi kiyi thukuta lili kamukamu m'jekete. Injini italira, sewero linali litafika pachimake.

"Ehe-hem! Chabwino, tenga mwana wanga. Utenge na anti wake uja wokamba-kamba, ni mbasela."

Kuseka kwa ba anti kunaduka ngati magetsi apita.

Kuchokera pamenepo mpaka ku Chelstone palibe munthu analankhula, kupatula wailesi. Limodzi mwa mabatani amene ndinadina lija linali lobwereza, ndiye titamva zonse tinayambiranso pa "Mwaiseni mukwai". Podutsa pamsika wa Chelstone ndinali nditatchedwa dzungu kangapo. Amayi anangokhala phee, manja pamiyendo, maso kutsogolo, rimoti pansi pawo.

Titafika, Chanda anatuluka akumwetulira kudzalandira amayi ake, ndipo anamva amayi ake akutsokomola m'motoka pamene amayi akewo anali ataima pageti, pakamwa potseka. Anandiyang'ana. Sindidzaiwala diso limenelo. Ndinatola rimoti pampando, yofunda bwino, ndinadina, osagwira, inali itaphwanyika. Ndinatsegula boneti n'kugogoda waya wa batire ndi mwala mpaka wailesi inafa pakati pa chifuwa.

Onse analowa m'nyumba. Ine anandisiya pakhonde, pa kampando ka ana, manja ali bii ndi girisi. Ndinali ndi mantha enieni, abale. Ndinkamukonda mtsikana uja, ndipo ndinkaona kuti ndamutaya chifukwa cha kanthu kowala buluu. M'katimo munkamveka Chibemba chothamanga, kenako chete, kenako phokoso lina limene sindinadziwe ngati ndi kulira kapena chiyani.

Patapita nthawi anandiitana. Ndinalowa chogwada, maso pansi. Amayi ankalankhula Chibemba motsitsa, ba anti akundipatsira mu Chinyanja, nkhope ili gwa.

"Akuti mulandu ulipo. Ubweletse nkhuku, tambala. Wanga, osati wawo. Ine ndine wamene unanigawa monga tomato wa pamwamba."

"Eya mukwai."

"Akuti iwo satsokomola so."

Apa amayi anatsokomola, ndendende. Chanda anathawira kukhitchini atagwira pakamwa.

"Akuti amuna ambili amabwela na jekete na pakamwa pabwino, vamene ali navo mu mutima umavidziba ukwati utachitika kudala. Koma iwe motoka yako yakuulula tsiku loyamba, palibe chamene chasala. Mwamuna wamene motoka yake imamuneneza, mwana wawo sazavutika kumufufuza. Akuti avomela."

Ndinawomba m'manja mpaka girisi anadonthera pa kapeti.

"Sinasilize," anatero ba anti. "Akuti wailesi ija isachoke m'motoka, na fulashi yake yamene ija. Ukaichosa, ndiye kuti wayamba kubisa vinthu."

Mukandifunsa chimene ndinaphunzira, ndikanakonda kunena kuti ndinasiya kuyerekeza mawu a anthu, koma limenelo lingakhale bodza. Ba anti ndimawatha bwino kwambiri masiku ano, kungoti ndimayamba ndatulutsa foni panja. Motoka ija ndinayenda nayo mpaka inatheratu, tinagulitsa kwa ogula zitsulo. Koma wailesi sinapite nawo. Apongozi anatumiza uthenga kuti ikwere basi, ndipo pano ili ku Kasama m'kabati yagalasi, pakati pa mbale za alendo. Mlendo akafunsa kuti ndi chiyani, amamuuza kuti ndi mboni ya ukwati wa mwana wawo.