Diresi la ba Namakau pa Intaneti

Lolemba

Ganizo landifikira ndikutsuka mano: Bana Luyando akufunika bulogu! Akazi angawa amasoka, anthuni. Kashopu kawo mumsika wa Maramba n'kochepa moti ukayetsemula umagunda khoma, koma zotuluka mmenemo ungati zachokera kunja. Ndiye azingodziwika ndi azimayi a ku Malota okha? Ayi ndithu. Ine ndagwira ntchito kuloji ku Nakatindi, ndikudziwa kuti masiku ano munthu amayamba wafufuza pafoni asanagule chinthu. Kulojiko anatiuza kuti tiyambe tapuma mpaka alendo achuluke, choncho nthawi ndili nayo yotaya.

Zofunika: dzina la bulogu, zithunzi, bandulo, ndi chilolezo cha eni ake. Chilolezo chatuluka mapini ali kukamwa: "Chitani chabe, Bashi Luyando, koma osanisokoneza. Nili na diresi ya ba Namakau."

Ba Namakau ndiwo kasitomala wathu wamkulu. Kumene asoketsa iwo, azimayi a kwaya yonse amatsatira komweko. Loweruka kuli kichini pate, phwando la azimayi lolangiza mkwatibwi, ya mwana wa achimwene awo, ndipo akufuna akamalowa muholo anthu asiye kutafuna.

Lachiwiri

Bulogu yatseguka! Ndalemba mawu oyamba, ndime yabwino kwabasi: manja odala, diso losaphonya, mayi amene amayeza munthu akadali pakhomo. Ndawawerengera Bana Luyando mokweza. Akuti, "Manje uyo muzimai ni ndani? Nimuziba?" Koma ndaona akumwetulira cham'mbali.

Masana magetsi athima, foni nayo yafa ndili pakati pa chiganizo. Makina awo opalasa ndi phazi sanaime ngakhale pang'ono.

Zithunzi zomwe ndapeza foni isanafe: chala changa, mphaka wa mayi wogulitsa kapenta, ndi china chimodzi cha iwowo ataweramira makina, tepi ili m'khosi, asakudziwa kuti ndikuwajambula. Magetsi atayaka, chimenecho ndachiika pa bulogu.

Lachitatu

Owerenga akuchuluka! Nthawi iliyonse ndikatsegula, nambala yakwera. Ndathamanga kukauza Bana Luyando, ndipo ndili pakati pofotokoza ndazindikira kuti amene akuikwezayo ndine ndemwe. Ndangomaliza nkhaniyo motsitsa mawu.

Vuto ndi zithunzi. Anthu sangabwere kudzaona mphaka.

Ndiye madzulo diresi la ba Namakau latha. Mayo ine! Chitenje chobiriwira cha maluwa achikasu, mapewa oima okha, kumbuyo mchira wotsika mpaka pansi, ndipo maluwa akumana pamsoko ngati nsaluyo sinadulidwepo. Ndatsala pang'ono kuliombera m'manja. Bana Luyando alikulunga m'nsalu yakale ya pabedi n'kuliika pansi pa tebulo, kuopa fumbi ndithu. Atapita kukagula zipi ya siketi ina, ndalivundukula, ndalijambula kutsogolo ndi kumbuyo, ndaliika pa bulogu, n'kutumiza linki ku gulu la pafoni la kutchalitchi.

Sindinawauze. Ndikufuna adzadabwe.

Lachinayi

Adabwadi.

Ba Namakau afika m'mawa, moni osapereka. Akuti dzulo lomwelo Bana Choolwe, mlamu wawo amene amapikisana naye pa chilichonse kuyambira nsapato mpaka mawu a alto, aonedwa pamalo ogulitsira zitenje, foni m'manja, akufunsa chobiriwira cha maluwa achikasu. Apita nacho kwa telala wina ku Libuyu pamodzi ndi zithunzi zanga, kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Kani nsalu ya pabedi ija si ya fumbi! Diresi la kichini pate silionedwa tsiku lake lisanafike. Aliyense mumsika muno akudziwa zimenezi, ngakhale mphaka uja. Ine ndekha, mwamuna wa telala.

Ba Namakau anena poyera za Loweruka: "Nikafanana na uja muzimai pa Chiweru, ine na kwaya yanga simuzationa futi pano."

Kwaya ikachoka, shopu yatha. Ndipo panopa nyumba yathu ikudya za shopu yomweyi. Ndachotsa zithunzizo, koma madzi akatayika saoleka. Owerenga enieni oyamba a bulogu yanga, n'kukhala Bana Choolwe!

Ndimayembekezera kukalipiridwa, ndipo zikanandipepukira. Bana Luyando angotambasula dzanja: "Nipaseni lezala."

Lachisanu

Akusomola diresi lonse, msoko ndi msoko. Mtima wanga ukuwawa kuona mapewa aja akugwa. Iwo akung'ung'udza nyimbo.

Ntchito zanga lero: kukoleza makala a simbi, kutola ulusi pansi, kuthamangira lesi yagolide kumashopu a m'tauni, kubwererakonso chifukwa ndabweretsa yachikasu, ndi kukhala chete. Yomalizayi ndiyo yandivuta.

Chitenje china chogula palibe, nthawi palibenso. Ndiye mchira uja ausandutsa chofunda cha paphewa limodzi, manja awatembenuza, zotsala apanga duku lalitali loti polowa pakhomo mpaka kuwerama. Nsalu yomweyo, koma diresi lina. Ndimaganiza kuti ndikuwadziwa akazi anga. Lero ndawaonerera tsiku lathunthu, ndipo ndachita nawo mantha pang'ono.

Nsima ya masana sanadye. Ndawagulira zitumbuwa, adya chimodzi ataimirira.

Bulogu sindinaitsegule. Bandulo yatha, ndipo sindikudandaula.

Loweruka

Amuna salowa ku kichini pate, choncho ndaima panja pa holo, pansi pa mtengo, pamodzi ndi oyendetsa matakisi. Onse akuidziwa nkhani yanga. Wina wandipempha kuti ndimujambulire galimoto, mwina nayenso amubera sitayilo. Aseka mpaka kugwira matayala.

Bana Choolwe atsika galimoto atavala chithunzi changa chenicheni, mchira ndi mapewa omwe. Kunena zoona, awoneka bwino.

Kenako ba Namakau. Atsika pang'onopang'ono, duku patsogolo, lesi ikunyezimira padzuwa. Ngakhale a matakisi asiya kuseka. Atangolowa, nthungululu! Ng'oma zasokonekera, ena akuwa, ndipo ine ndapezeka ndikuombera m'manja ndekha pansi pa mtengo.

Patapita nthawi Bana Luyando atuluka ndi mbale ya nkhuku ndi mpunga, andipatsa. "Kwaya ibwela pa Mande kupimisa mayunifomu. Koma ba Namakau bakamba ati foni yanu izisala kunyumba."

Ndavomera pakamwa pali nkhuku.

Lamulungu

Kutchalitchi azimayi akundipatsa moni wa "ba Intaneti". Ndikuyankha. Nanga nditani?

Basi, bulogu yathera pomwepo. Zovala sindingaike, makasitomala sindingatchule, foni yaletsedwa kushopu. Kuyambira mawa udindo wanga ndi simbi, ndipo akuti makala ndimakoleza bwino.

Ndagula kabandulo kakang'ono kuti ndiitseke. Patsala ndime ija ya manja odala ndi chithunzi chimodzi, iwowo ataweramira makina, tepi m'khosi. Bana Luyando asuzumira paphewa langa n'kunena, "Chosani iyo, duku yanga inali yopendama."

Sindinachotse, ndipo sindinatseke. Nambala ya owerenga yakweranso kangapo madzulo ano, ndipo ndikumudziwa amene akuikweza: ndine ndemwe, sinditopa kuyang'ana chithunzicho.