Njoka imene ndinatengera Nambewe

Wokayika atuluke pompano, mvula ya Dublin ikamuphunzitse ulemu. Makamaka inu a Kondwani, amene mwabwera dzulodzuloli ndi sikolashipi yanu yophunzira mapale a anthu akale, mukuti m'dziko la Ireland muno simunakwawemo njoka chiyambire? Inakwawamo imodzi, ndipo anailowetsa ndine, Gerevaziyo Chimphepo wa ku Dedza. Ngati ndikunama, tiyi ndikumwayu anditsamwe muno mu Ongar, pamaso panu nonse amene tachokera limodzi ku Misa.

Mkazi wanga Nambewe anali nesi pa chipatala cha Beaumont, ndiye anatibweretsa kuno. Ine ndinkanyamula makatoni ndi kutsegula zitseko pa yunivesite. Khansa itamugwira, anakagona pa wodi imene iye mwini ankasinthapo anthu mabulangete. Tsiku lina masana pawindo panadutsa ambulansi, iye n'kuloza chithunzi chija cha njoka yodzikulunga pandodo.

“Abambo,” anatero, “kale ku Girisi odwala ankagona m'nyumba ya mulungu wawo, njoka n'kumabwera kudzawanyambita, m'mawa n'kudzuka atachira. Ife tinangotsala ndi chithunzi.”

Anaseka, koma kuseka kwake kunalibe mpweya, ndipo mphete inali itayamba kuvuka yokha pachala.

Mwezi womwewo pulofesa wina wa pa yunivesite ankapita ndi ophunzira ake ku Girisi kukafukula mabwinja a nyumba yoteroyo, ndipo ankafuna munthu wonyamula katundu. Ndinapita. Koma azungu kukumba kwawo n'kwamanyazi, ana inu, kaburashi ngati kotsukira mano, kasupuni, tsiku lonse dothi losadzaza chipewa, ndiye ine ndinati sunthani, n'kulavulira m'manja, n'kutenga khasu, kukumba, kukumba, kudutsa makoma a nyumba, kudutsa manda a mafumu, kudutsa chitsime chimene madzi ake anali akadali ndi chikho cha munthu womaliza kumwa, mpaka dzuwa pamwamba linachepa ngati batani la malaya ndipo pansi pa mapazi anga ndinamva amayi akusinja ku Dedza. Mukumva? Pamenepo khasu linati gwa! pa mtsuko waukulu ngati basi ya nsanjika ija ya m'tauni, wojambulidwa njoka kuzungulira, ndipo nditachotsa chivindikiro inatuluka yeniyeniyo, imene inagona zaka zikwi ziwiri osadya, mutu wake unatuluka Lolemba mchira n'kudzatuluka Lachinayi, ophunzira onse ali m'mitengo, pulofesa atakomoka chipewa chili kumaso.

Ndinalimbana nayo masiku atatu osamwa madzi, iyo kundikulunga ine kuikulunga, mpaka inatopa n'kuyika mutu paphewa panga ngati mwana. Ndinafuna kuiyesa kaye. Inanyambita dazi la pulofesa, tsitsi n'kumera mpaka m'chiuno. Inanyambita chiboliboli cha mwala chopanda manja, manja n'kuphuka, zala n'kuyamba kukanda pamsana pamene pankayabwa zaka zonsezo, china chopanda mutu chinamera mutu n'kupempha madzi akumwa. Ndinati basi, Nambewe wapulumuka.

Ndege inatikana. Ndinaikwera pamsana njokayo n'kulowa nayo m'nyanja, kudutsa zilumba, kudutsa zombo, anamgumi akutipatsa njira, mchere utandiyeretsa ngati mzungu, mpaka tinaona magetsi a doko la Dublin, koma pamenepo nyanja inaima chilili ngati khoma, ndipo pamwamba pake panaima woyera wawo uja amene anapirikitsa njoka zonse m'dziko muno, ndevu mpaka m'mawondo, ndodo yokhota m'manja. Anati sizilowa. Ndinati bambo, ondibatiza ine anali ana anu omwe, ansembe ochokera konkuno, amene anatiphunzitsa kuti wodwala sasiyidwa yekha, ndiye lero munditsekere njira mkazi wanga akufa? Mkuluyo anayang'ana pansi, n'kupukuta m'maso, khoma n'kugwa. A Kondwani, mukusekeranji? Lumbiro langa mwalimva.

Ndinaipempha njokayo kuti ichepe, inachepa, ndinaikulunga pa ambulera, ndinakwera basi yopita ku Beaumont, ndipo palibe anafunsa, ankayesa ndanyamula chikwangwani cha chipatala. Masitepe ndinawadumpha anayi anayi. Pa wodi inanyambita mkulu wina wa mwendo umodzi, iye n'kutsika kukathamangira basi, inanyambita mayi wakhungu, iye n'kuyamba kuwerenga nyuzipepala ya munthu wa bedi lachitatu, wodi yonse inali nthungululu za chizungu, ine ndikungokankha anthu kuti ndifike pawindo paja.

Bedi linali loyalidwa bwinobwino. Pilo watsopano, bulangete lopindidwa, pakabati palibe ngakhale botolo lake la mafuta odzola. Njoka inanyambita pilo, inanyambita chitsulo cha bedi, inandiyang'ana. Nesi mnzake wa Nambewe anandigwira mkono n'kunena kuti anapita Lachiwiri, dzuwa likuswa mtengo, mwana wathu Tadala atamugwira dzanja.

Kuseka kwatha tsopano. Thirani tiyi wina, mayi, pakhosi pauma.

Tadala anabadwira kuno. Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi, ndipo tsiku limenelo anandiyankha mawu ochepa okha, kuti amayi ake anandiitana katatu. Kuchokera pamenepo amandipatsa moni ngati mlendo wa m'basi. Chaka chino n'chachisanu ndi chimodzi.

Ku Girisi ndinapitadi, pasipoti ilipo, chidindo mukhoza kuchiona. Khasu sanandilole kuligwira. Masabata atatu ndinkakankha wilibala, ndipo chimene ndinatola ndi manja angawa ndi phale limodzi laling'ono ngati bisiketi, lojambulidwa kamchira ka njoka, pulofesa n'kuliyika m'kajumbo, n'kulembapo nambala, n'kunditi zikomo. Dokotala anali atandiuza kale ndisananyamuke kuti masabata atsala ochepa. Nambewe anamva kuti ndikupita, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuti, “Pitani, abambo, mukapume.” Anadziwa. Mkazi amene ananditsuka ine ndili ndi malungo, amene anasiya kwawo kuti tonse tidye, ndinalephera kumuona akutha ngati sopo, ndinalephera kumva fungo la wodi ija, ndipo munthu atanditsegulira khomo lothawira ndinathawa.

Lachiwiri limenelo ndinali m'dzenje losafika ndi m'chiuno momwe, dzuwa likuwotcha pakhosi. Foni inalira m'thumba, ndinaitulutsa, ndinaona dzina la Tadala. Panalibe nyanja yoima chilili pakati pathu, ana inu, panali batani limodzi lobiriwira. Ndinaigoneka chafufumimba pamwala, ndinatenga wilibala, ndipo foniyo inalirabe kumbuyo kwanga mpaka ndinakafika potaya dothi.