A Hawkins ndi tsiku la 12.5

Ku Chilomoni konse, kuyambira pamsika mpaka ku Nthukwa, aliyense ankadziwa kuti a Hawkins sasankha kanthu ndi mutu wawo. Anali mphunzitsi wa makompyuta ku Limbe, ndipo atapuma ntchito anabwera ndi laputopu yakale yomanga ndi mphira. M'menemo munali kapulogalamu ka mizere itatu komwe analemba okha. Ukakapatsa malire awiri, apansi ndi apamwamba, n'kudina batani, kankatola mwachisawawa nambala iliyonse ya pakati, yokhala ndi kamchira kuseri kwa dontho.

"Mutu wa munthu uli ndi tsankho," ankatero. "Aka kalibe m'bale."

Amene ankauona moto anali akazi awo, mayi Modesta.

"Shuga masupuni angati lero, bambo?"

"Dikirani. Pakati pa 1 ndi 3... 2.37."

"Nanga 37-yo ndiiyeza ndi chiyani?"

"Ndi chikumbumtima, mayi."

Blackson wometa anachita kugula rula atauzidwa kuti asiye tsitsi lotalika masentimita 1.86. Tsiku lina mu minibasi ya ku Limbe a Hawkins anakhala theka pampando, theka pantchafu ya munthu wosamudziwa.

"Madala, mukutani kodi?" anafunsa kondakitala.

"Ndili pa mpando 7.5, mphwanga. Ukafuna ukadandaule kwa makina."

Zonsezi mayi Modesta ankaseka nazo. Chimodzi chokha sichinkawaseketsa. Zaka 26 ali limodzi, ana anayi, koma ukwati wawo unathera pa chinkhoswe, sunadalitsidwe kutchalitchi. Choncho sankaloledwa kuvala yunifolomu ya amayi a mpingo. Bulauzi yoyera anaisoketsa kalekale, inkangosanduka yachikasu m'sutikesi, ndipo zinkawapweteka mtima.

A Hawkins sankakana ayi. Ankangoti tsiku lisankhidwe ndi makina, pa chaka chatsopano, malire 1 ndi 31, kudina kamodzi kokha poti kubwereza n'kubera. Chaka choyamba inatuluka 17.12. Anawerengera bwinobwino kamchirako kukhala maola ndi mphindi, n'kupita kwa abusa.

"Pa 17 Januwale, nthawi ya 2:52 m'bandakucha."

"Bambo Hawkins, nthawi imeneyo ngakhale mlonda wathu amakhala ali mtulo. Bwanji tingodula kamchirako?"

"Kudula mchira n'kunama, abusa. Ndiyambe banja ndi bodza?"

Chaka china inatuluka 23.94, china 4.03. Abusa awiri anasamutsidwa, wachitatu atamva nkhaniyi ankachita kuwazemba.

Kenako a Hawkins anadwala. Miyendo inatupa, madokotala anayamba kuyankhula motsitsa mawu, ndipo mayi Modesta anadziwa kuti Januwale ikubwerayo ndi yomaliza. Anachita mantha, anakwiyanso. Koma akutsuka mbale anakumbukira phunziro lija analimva kambirimbiri osalifuna: makina amatola kachidutswa pakati pa ziro ndi wani, n'kukachulukitsa ndi mpata wa pakati pa malire awiriwo, n'kuphatikiza pa malire apansi. Nanga mpatawo utapanda kukhalapo?

Masana amenewo, bambo atagona, anatsegula laputopu. Ndi chala chimodzi chonunkha sopo anafufuta 1 n'kulemba 12.5, anafufutanso 31 n'kulemba 12.5 yomweyo.

Pa chaka chatsopano anawabweretsera makinawo pabedi. A Hawkins anadina.

"12.5. Pa 12, Loweruka, dzuwa lili paliwombo." Anasendeza nkhope pafupi ndi laputopu. "Koma mchira waufupi chonchi sindinauonepo."

Anavala magalasi n'kuyang'anitsitsa mizere itatu ija nthawi yaitali. Kenako munthu uja amene sanadinepo kawiri moyo wake wonse anadinanso. Inatuluka 12.5.

"Makina alankhula," anatero akuvula magalasi. "Ndife ndani ife kuti titsutse?"

Analowa m'tchalitchi pa njinga ya odwala, tsitsi litametedwa 1.86 ndendende, Blackson ali pambuyo rula ili m'thumba. Atafunsidwa ngati akuwakonda mayi Modesta, anthu onse anayang'ana ngati atulutse laputopu. Iwo anangoti, "Eya," ndi mutu wawo womwe.

Anatisiya chimanga chisanache.

Masiku ano Chilomoni ndi wosakoma ngati tiyi wopanda shuga. Anthu amakhala pampando wathunthu, rula ya Blackson ikuchita dzimbiri pamsomali, ndipo palibe amene amaimitsa mzere pagolosale kudikira kuti makina ayake. Tikuwasowa, mkulu uja.

Lachinayi lililonse mayi Modesta akabwera kuchokera ku msonkhano wa amayi a mpingo, asanavule bulauzi yawo yoyera, amamasula mphira uja n'kudina batani. Mizere ija sanaibwezeretse. Nthawi zonse imatuluka 12.5, ndipo iwo amayankha ngati wina wawafunsa:

"Eya bambo, ndinabera. Nanunso munaona."